Zabbix ikuti CPU 13%, top ikuti 101%, load ili pa 9, akunama ndi ndani apa?

Mavuto: Akuluakulu mwadzuka bwanji. Ndithandizeni maganizo ndisanachite zopusa. Ku ofesi kwathu tili ndi seva imodzi yosunga ma rekodi a makasitomala, Ubuntu, MySQL ndi PHP basi, ogwiritsa ntchito sakwana 30. Kuyambira Lolemba mmawa uliwonse system ikumakwawa moti munthu akadina search amapita kukathira tiyi nkubwerako isanatsegule. Ndikayang'ana pa Zabbix, pulogalamu yomwe timayang'anira nayo seva, CPU ili pa 13%, mwina 14, mzere wake wongoti phee osakwera osatsika. Koma ndikalowa pa terminal nkulemba top, command yoonetsa ma process omwe akuyenda, mysqld (process ya MySQL) ikuonetsa 101% ndipo load average ili 9 ndi kanthu. Makina amodzi, nthawi imodzi, manambala atatu osiyana. Abwana akuti tigule seva ina, quotation ndatenga kale ndipo mtengo wake sinditchula pano mungakomoke

Gift: 101% bwanji aise kkkk seva yanu ikugwira ovataimu

Thoko: Seva ili ndi ma core angati, tizigawo ta CPU togwira ntchito patokha tija? lembani nproc mutiuze

Mavuto: Yatulutsa 8

Thoko: Nde palibe akunama pamenepo achimwene. Tengani 100 mugawe ndi 8, mupeza 12.5. Zabbix ikukuuzani za makina onse pamodzi, top ikukuuzani za process imodzi ndipo kwa top 100% ndi core imodzi yodzadza, osati makina onse. Pa seva yanuyo process itha kufika mpaka 800% itagwira ma core onse. Ndiye 13% ija ndi 101% ija ndi chinthu chimodzi chomwecho, core imodzi ikutuluka thukuta pamene anzake 7 angokhala. Muli mu top momwemo dinani 1 muone core iliyonse payokha, kenako dinani Shift ndi I muone 101 ija itsike ifike cha pa 12.

Mavuto: Eeeh zoonadi, Cpu3 ili pa 99 enawo ali pansi. Ndadina Shift I yalemba Irix mode Off ndipo mysqld yafika 12.6. Zaka zonsezi ndikugwiritsa ntchito top osadziwa batani limeneli, manyazi

Gift: Koma load ya 9 pa ma core 8 ndiye kuti CPU yadzadza basi, ine ndinaphunzira choncho, load ikaposa ma core ndiye kuti makina achepa. Gulani seva bwana asanasinthe maganizo, ndalama za kampani sizako

Thoko: Gift ukufuna kumugulitsa mnzako. Wangoona yekha kuti ma core 7 sakuchita kanthu, CPU yadzadza bwanji?

Gift: nanga 9 yachokera kuti, yagwa kumwamba?

A Banda: Ndalowa mochedwa, ndinali pa mzere ku banki. Gift sunaname kwenikweni, lamulo limenelo tonse tinaliphunzira ndipo pa ma Unix akale linkagwira ntchito chifukwa load inkawerenga ma process okhawo amene ali pa CPU kapena akudikira CPU. Koma Linux inasiya njira imeneyo kalekale, 1993, ambiri a inu musanabadwe. Munthu wina dzina lake Matthias Urlichs anatumiza patch yoti load iziwerenganso ma process amene agona tulo tosadzutsika, aja amaoneka ndi chilembo D mu top, amene nthawi zambiri amakhala akudikira disiki. Maganizo ake anali oti sizomveka kuti ukaika disiki yochedwa makina nkumachedwa koma load nkumatsika. Ndiye kuchokera pamenepo load ya Linux sikuyeza CPU yokha, ikuyeza kutalika kwa mzere wa onse amene akufuna kuthandizidwa, kaya akudikira CPU kaya akudikira disiki. Zili ngati mzere wa ku chigayo, ukaona anthu 9 panja sudziwa ngati chigayo chili busy kapena lamba waduka ndipo onse angokhala akudikira. Mavuto, pa mzere wa %Cpu pamwamba paja pali wa, kutanthauza iowait, nthawi yodikira disiki, ikuti bwanji? Komanso ona ngati pali ma process a D.

Mavuto: Madala wa ili pa 31. Ma D ndawaona, pali rsync, pali jbd2 kenakake, ndipo nditalemba top -H ma thread angapo a mysqld alinso pa D

A Banda: Basi mbava yapezeka theka. rsync ikuchita chani pa seva nthawi ya ntchito?

Mavuto: Imeneyo ndi backup koma imayenera kuyenda usiku. Dikirani ndione

Tadala: Pamene a Mavuto akufufuza ndikusekeseni. Nditangoyamba ntchito chaka changa choyamba abwana anga anandiitana mwaukali kuti kompyuta yawo yalowa virus, akuti pali chinthu chikudya CPU 97% ndipo akachipanga End task chikukana kufa. Ndikupita kukaona, System Idle Process. Ndinayesa kufotokoza kuti bwana nambala imeneyi ikutanthauza kuti CPU ikungokhala, ikakwera ndiye kuti zili bwino, iwo ayi ndithu, chinthu chodya 97% sichingakhale chabwino. Mapeto ake ndinangotseka tab ya Details nkuwatsegulira Performance, anaona 3% nkunena kuti waona tsopano yachoka

Gift: kkkkkk unachotsa virus sisi, bwenzi utapempha allowance

Wongani: Ya Windows ija ili ndi nkhani yakenso yoposa pamenepo. Kuyambira Windows 8 Task Manager inkaonetsa manambala awiri osiyana mkati mwa pulogalamu imodzi. Tab ya Processes ndi Performance zinkagwiritsa ntchito counter yotchedwa Processor Utility yomwe imaganizirako liwiro lomwe CPU ikuthamanga nthawi imeneyo, turbo ikalowa nambala imakwera, pamene tab ya Details inkawerenga nthawi yokha yomwe CPU inali yotanganidwa. Ndiye umapeza Processes ikuti 80 ukaphatikiza za mu Details zikungokwana 50, nkumadabwa kuti zinazo zapita kuti. Microsoft anadzasintha mu Windows 11 chaka cha 2025 kuti ma tab onse aziwerenga mofanana, koma ma ofesi ambiri kuno akadali pa Windows 10 ndiye chisokonezocho chikadalipo

Tadala: Ndiye ndimadabwa laputopu yanga ikamalemba 100% pamene Process Explorer, pulogalamu ina yonga Task Manager, ikuti 60

Wongani: Ndi zomwezo. Zonse zikunena zoona koma funso lomwe zikuyankha ndi losiyana

Mavuto: Anthuni ndapeza. Backup ili mu cron.daily, folder ya ntchito zoyenda zokha tsiku lililonse, ndipo sabata ino magetsi akumathima usiku, UPS yathu batire inatha kale imangogwira mphindi zochepa seva nkuzima. Mlonda akayatsa jenereta mmawa seva ikadzuka, anacron, yomwe imayendetsa ntchito zomwe zinaphonya nthawi yake, ikumaona kuti backup ya tsiku sinachitike nkuiyambitsa pompo, ndendende nthawi yomwe anthu akulowa mu ofesi. Ikumakopera folder yonse ya ma scan kupita pa external ya USB, ndipo folder imeneyo ili pa disiki imodzi ndi database

Thoko: anacron pa seva? Munaika Ubuntu ya desktop eti 😂

Mavuto: Ndinaipeza ili choncho chonde, amene anaika anachoka ndisanabwere

A Banda: Tonse timanena choncho. Koma imani kaye musasangalale, mavuto anu ndi awiri osati amodzi, dzina lanu lomwe likuchitira umboni. Backup ikufotokoza load ya 9 ndi wa ya 31. Sikufotokoza core imodzi ija yomwe ili pa 99. Thread yomwe ikudikira disiki siidya CPU, ndiye pali query ina yomwe ikutafuna core yonse payokha, ndipo MySQL query wamba imodzi imayenda pa thread imodzi, mungagule seva ya ma core 64 query imeneyo idzagwirabe core imodzi ndipo graph yanu idzaonetsa 1.5% mukulira chimodzimodzi. Lowani mu mysql mulembe SHOW FULL PROCESSLIST muone yomwe yakhalitsa.

Gift: ok apa ndagonja, ma core 64 nkumaonetsa 1.5% zandipweteka

Yamikani: Funso langa pa wa ija. Ine ndimaitenga ngati CPU ikugwira ntchito ya disiki, ndiye ndimaphatikiza us (ya ma pulogalamu) ndi sy (ya system) ndi wa nkunena kuti CPU usage ndi imeneyo. Ndimalakwitsa?

Thoko: Mumalakwitsa pang'ono. iowait ndi idle yomwe yavala yunifolomu. CPU sikuchita kanthu nthawi imeneyo, kungoti pali wina amene akudikira disiki, ndiye kernel, mtima wa Linux, imalemba nthawiyo mu kaundula wina. Umboni wake ndi wosavuta, pa makina omwe wa ili pa 30 yambitsani chinthu chodya ma core onse, muona wa ikugwa kufika pafupi ndi 0 pamene disiki ikuvutikabe chimodzimodzi. Ndiye wa yokwera imakuuzani kuti kayang'aneni disiki, koma wa yotsika sikutanthauza kuti disiki ili bwino. Ngakhale man page ya proc imachenjeza yokha kuti nambala imeneyi siyodalirika. Mukafuna za disiki funsani iostat -x, ndipo mzere woyamba womwe imatulutsa muziutaya chifukwa ndi avereji ya kuyambira pomwe makina anayaka, vmstat nayonso chimodzimodzi

Yamikani: Mzere woyamba?? Ine script yanga imatenga mzere woyamba womwewo nkutumiza pa email mmawa uliwonse, miyezi 8 tsopano

Thoko: Ndiye miyezi 8 mwakhala mukulandira mbiri yakale mmalo mwa nkhani za lero, pepani

A Banda: Musamuseke, ps nayo imagwetsa anthu ambiri mu dzenje lomwelo. %CPU ya ps aux ndi nthawi yonse yomwe process yadya CPU kugawa ndi nthawi yonse yomwe yakhala moyo. Process yomwe yakhala masiku 40 ili phee nkuyamba misala lero mmawa, ps ikuuzani 0.3% ndi nkhope yowongoka. Ndinataya tsiku lathunthu nthawi ina chifukwa cha zimenezi ndikukhulupirira ps kusiyana ndi fani yomwe inkalira pambali panga.

Chisomo: Ine yanga inali ya VPS, seva ya lendi yomwe ndi VM pa makina ogawana ndi ena. Ndinali ndi ka website ka kasitomala pa VPS yotchipa, kampani sinditchula, madzulo aliwonse kankachedwa koma ma process anga onse ukawaphatikiza sankafika 40%. Mpaka tsiku lina ndinayang'anitsitsa kumapeto kwa mzere wa %Cpu, st ili pa 45. Steal. Kutanthauza kuti VM yanga inkafuna CPU koma hypervisor, pulogalamu yogawa makinawo, inkapatsa ena amene tinkagawana nawo makina. Uli mkati mwa VM sungaone anzako aja, umangoona kuti nthawi yako ikusowa. Zili ngati lendi ya nyumba yogawana mita, iwe wazimitsa zonse koma ma units akutha

Wongani: Palinso ma plan aja a burst omwe amachita kulemba poyera kuti ndi momwe amagwirira ntchito koma anthu sawerenga. t2.micro ya AWS baseline yake ndi 10% ya core, imapeza ma credit 6 pa ola, credit imodzi ndi mphindi imodzi ya core yodzadza. Ma credit akatha amakubweza pa 10% paja. Ndiye graph imaoneka yokongola, mzere wowongoka pa 10%, munthu nkumati seva ikupuma, chonsecho yamangidwa manja

Chisomo: Mzere wowongoka kwambiri ndimauopa masiku ano kuposa wokwera

Mavuto: Ndabwera. Processlist yaonetsa query ya report ya ma balance, yakhala masekondi 340 ndipo ikangotha ina ngati yomweyo imayamba, chifukwa a ku accounts akaona kuti yachedwa amadinanso. EXPLAIN ikuti type ALL pa table ya ma transaction, ma row 2 miliyoni ndi kanthu, ndipo ikuchita zimenezo mobwerezabwereza pa kasitomala aliyense. Column ya nambala ya kasitomala ilibe index, kalozera wothandiza database kupeza mizere msanga

Thoko: Ndi ameneyo mwini core. Table yonse ili mu memory nde sikudikira disiki, ikungowerenga mizere 2 miliyoni kuyambira pamwamba mpaka pansi kambirimbiri. Koma index musaike pano anthu ali pa ntchito ndipo backup ikuyenda, dikirani madzulo, ndipo yambani mwatenga dump, kopi ya database yonse

Gift: funso lopusa, ngati vuto la index linalipo kale bwanji anthu ayamba kudandaula Lolemba?

Mavuto: Si lopusa, ndadzifunsanso. Report ija imachedwa kuyambira kale koma ndi anthu awiri okha amaigwiritsa ntchito ndipo anazolowera, amaidina nkupita kukacheza. Backup itayamba kugwa mmawa ndi pomwe aliyense anayamba kumva kuwawa. Ndikabwerera mmbuyo pa graph 13% ija ikuoneka mwezi ndi mwezi kumapeto, ine ndinkaiona nkumati seva yathu ndi yamphamvu

A Banda: Pamenepo mpomwe pali nkhani. Nambala ija inkakuuzani zoona miyezi yonseyi koma inabisala mu avereji. Ndipo avereji imabisa mbali ziwiri, imabisa pakati pa ma core ngati momwe mwaoneramu, imabisanso pakati pa nthawi. Monitoring yomwe imatenga nambala kamodzi pa mphindi, CPU itadzadza masekondi 6 nkupuma 54, mudzaona 10%, koma munthu amene anadina batani mkati mwa masekondi 6 amenewo akudziwa zomwe anakumana nazo. sar, chida chosunga mbiri ya manambalawa pa Linux, mwachizolowezi imalemba pa mphindi 10 zilizonse, mmenemo mutha kubisala ngozi yathunthu. Ndipo graph mukaikokera ku mwezi wonse imasalaza zitunda zonse nkukhala ngati bwalo la mpira.

Dalitso: Ndaona palibe watchula hyperthreading. A Mavuto ma core 8 anuwo ndi enieni? lscpu ikuti Thread(s) per core angati?

Mavuto: 2. Core(s) per socket 4

Dalitso: Ndiye muli ndi ma core 4 ovala ngati 8. Ma thread awiri amagawana core imodzi, zida zowerengera ndi cache ndi zomwezo. Tsiku lomwe graph idzafike 50% musadzaganize kuti mwatsala ndi theka lina lofanana ndi loyambalo, chifukwa kernel imayamba yamwaza ntchito pa ma core enieni, ikadutsa pamenepo ikuyamba kuika anthu awiri pa mpando umodzi. Kuchoka 50 kupita 100 simupeza ntchito yowirikiza kawiri, mupeza kachigawo chabe kowonjezera, kuchuluka kwake kumatengera mtundu wa ntchito. Anthu amapanga plan ya capacity ndi rula pa graph nkudzadabwa

Gift: minibus ya anthu 4 pa mpando wa anthu 3, kondakitala nkumati malo alipo

Dalitso: Ndendende kkkk. Ndipo pansi pake palinso china. Brendan Gregg, nthawi imeneyo ali ku Netflix, analemba mu 2017 kuti %CPU yeniyeniyo imasocheretsa, chifukwa chomwe kernel imatcha busy ndi nthawi yomwe CPU sinali pa idle basi. CPU itha kukhala busy koma nthawi yambiri ikungodikira data kuchokera ku RAM. Ukafuna kudziwa umayang'ana ma instruction pa cycle iliyonse ndi perf stat, akakhala ochepa kwambiri ndiye kuti vuto ndi memory, kugula CPU yothamanga sikuthandiza kwenikweni

Thoko: Zoona koma apo tapita patali, seva ya anthu 30 yopanda index sitingayambe ndi perf 😅

Dalitso: Ndavomera, ndinangotengeka

Tadala: Inenso nditengekeko kamodzi. Amene muli ndi MacBook, mwezi wa October uno kukutentha chonchi mukaona kernel_task ikudya 300% kapena 500% musalimbane nayo. Apple amanena okha kuti imatenga CPU dala kuti ma pulogalamu ena asaipeze makina azizire. Mnzanga ku Salima anafuna kupanga format, chonsecho laputopu amaiika pa bulangete fani yodzadza fumbi

Yamikani: Nanga Docker, ija yotsekera app mu container yakeyake? ndikalowa mu container nkulemba top ndimaona ma core onse a host

Wongani: Chifukwa top ikuwerenga /proc/stat ndipo imeneyo ndi ya host, siidziwa za malire omwe mwaika. Ndipo malire a CPU amagwira ntchito pa ka window ka 100ms. Mukapatsa container theka la CPU ndiye kuti ili ndi 50ms pa 100ms iliyonse, app ya ma thread 10 itha kumaliza 50ms imeneyo mu 5ms yokha nkuimitsidwa 95ms yotsalayo. Avereji pa mphindi imaoneka yaing'ono koma ma request akumaima njii. Onani cpu.stat ya cgroup, nr_throttled ikamakwera ndi zimenezo

A Banda: Kwa amene kernel yanu ndi 4.20 kupita mtsogolo, lembani cat /proc/pressure/cpu ndi /proc/pressure/io. Zinachokera kwa anyamata a Facebook mu 2018, ndipo mmalo mokuuzani kuti CPU yatanganidwa bwanji zimakuuzani gawo la nthawi lomwe ntchito inaima chifukwa chosowa CPU kapena disiki. Ine ndi zomwe ndimayamba kuona masiku ano. Mavuto yesa backup isanathe.

Mavuto: cpu some avg10 ili 0.41, io some avg10 ili 58.20. Zikanakhala kuti ndinaona izi Lolemba sindikanapita kukatenga quotation

Gift: koma SSD yokha gulani, HDD masiku ano ndi chilango

Thoko: Apo pokha ndikugwirizana nawe Gift. SSD ndi batire ya UPS, osati seva

Mavuto: Update ya madzulo. Backup ndaichotsa mu cron.daily ndaiika pa crontab 1 koloko masana nthawi ya lunch, ndi ionice, mpaka UPS ikonzedwe. Dump ndatenga, index ndaika anthu ataweruka, inatenga mphindi zosakwana 2. Report yomwe imatenga masekondi 340 yatuluka mu masekondi 3, ndinaiyendetsa kawiri poganiza kuti yalephera. Pa Zabbix ndaonjezera graph ya core iliyonse payokha ndi ya iowait. Tsopano chatsala nkukawauza abwana mawa kuti seva yatsopano sikufunika, ndipo iwo anali atauza kale ma director kuti yakaleyi yatha ntchito

Tadala: Auzeni kuti mwachotsa virus

A Banda: Pita ndi quotation ya SSD ndi batire mmanja, usapite chimanjamanja. Ndipo a ku accounts uwauze kuti report ikutuluka msanga tsopano, apo ayi mawa adina nkupita kukacheza mphindi 6 mwachizolowezi.

Yamikani: Thoko ndakonza script ija, tsopano ikutenga mzere wachiwiri wa vmstat. Seva yomwe ndinkaiyesa ili pa 4% ili pa 70, nditsegule nkhani yake pano kapena mawa?

Thoko: Mawa chonde, data yanga yatsala 40MB